Bereaved: Ofedwa Analandidwa ndi Ndani?



Pali liwu lachizungu limene sitikhala mwezi osaliona pa foni. Uthenga wa maliro ukangolowa m'gulu la WhatsApp, mayankho amayamba kutsika, ndipo ambiri mwa iwo amakhala ndi mawu akuti "the bereaved family". Pa pulogalamu ya maliro lilipo. Woyendetsa mwambo kumanda amalitchula poitana anthu oika nkhata za maluwa. Ku ofesi ya a Bishopu timalilemba m'makalata opepesa nthawi ndi nthawi. Ambiri a ife tinaliphunzira kumaliro komweko, ndipo timangodziwa kuti ndi liwu laulemu lotchulira eni maliro. Lero ndifuna tiliyang'ane pafupi, chifukwa m'kati mwake muli funso limene lapasula mabanja ambiri, a anthu opemphera omwe.

Tiyambe ndi kagwiritsidwe kake, mwachidule chabe. "Bereaved" ndi otsala, amene ali moyo. Womwalirayo ndi "deceased", kapena "the late". Mawuwa amasokonezeka kawirikawiri, ndipo mudzamva wina alengeza kuti thupi la "bereaved" lidzanyamulidwa ku mochale 9 koloko m'mawa. Anthu amamva chimene afuna kukamba, koma waika m'bokosi munthu wolakwika. "Bereavement" ndi nyengo kapena mkhalidwe wa kufedwa. Pali mnzake wina, "bereft", amene anachokera ku liwu lomweli koma anatenga njira yake. Ameneyu amanena za munthu amene watsala wopanda chinthu chimene anali nacho, kaya chiyembekezo, abwenzi, ngakhale nzeru, ndipo sipafunika kuti pakhale maliro.

Manje funso ndi lakuti liwuli linachokera kuti. M'Chingelezi chakale, chimene ankalankhula zaka zoposa 1,000 zapitazo, munali liwu lakuti "bereafian". Tanthauzo lake linali kulanda, kufunkha, kutenga ndi mphamvu chinthu cha mwini. Liwu lija lakuti "rob", limene timaliwerenga m'nkhani za akuba a mfuti, ndi la mtundu womwewo. Kumalire a England ndi Scotland kunali magulu a anthu okwera pa akavalo amene ankabwera usiku kudzalanda ng'ombe ndi kutentha midzi, mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1600, ndipo ankatchedwa "reivers", dzina lochokera ku muzu womwewu. Ndiye mukalemba kuti "the bereaved family", chimene liwulo linanena pachiyambi ndi chakuti banja ili lalandidwa. Wina walowa m'nyumba, watenga, wapita.

Ife chinenero chathu sichikamba choncho. Timati ofedwa, kapena anamfedwa. Liwu lathuli likunena kuti imfa ya wina yagwera pa inu, koma silitchula wochita. Timati mkazi wamasiye, mwana wamasiye, ndipo tikamalengeza timati amayi atisiya. Apo ndiye kuti wopitayo ndi amene wanyamuka, monga munthu wa paulendo. Timatinso tataya mwana, ngati chinthu chimene chapulumuka m'manja mwathu. Ndipo pamene sitifuna kutchula imfa konse timangoti kwagwa zovuta. Mawu onsewa ndi ofatsa. Palibe limene limaloza chala. Koma musanamizidwe ndi kufatsako, chifukwa mtima wa munthu wofedwa, kaya ndi wa ku Chipata kaya wa ku London, umamva chimene liwu lachizungu lija likunena. Funsani mayi amene waika mwana wa zaka zisanu. Sadzakuuzani kuti mwana anamusiya. Adzakuuzani kuti amulanda.

Kodi maganizo amenewa ndi olakwika kwa Mkhristu? Ena amatero. Amati wokhulupirira sayenera kumva ngati waberedwa, popeza zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Ine sindigwirizana nawo, ndipo Baibulo silili kumbali yawo.

Baibulo lachizungu la King James, limene linatuluka mu 1611 ndipo ambiri a inu mumalikonda, lili ndi liwuli pakamwa pa Yakobo. Pa Genesis 42:36 nkhalambayo ikudandaula kwa ana ake kuti aimalizira ana, Yosefe palibe, Simeoni palibe, ndipo tsopano afuna kutenganso Benjamini. Pa 43:14 ikubwereza liwu lomwelo kawiri, ngati munthu amene watopa kulimbana. M'Chiheberi liwu la pamenepo ndi "shakol", ndipo ndi la kufedwa ana. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti liwu lomweli Baibulo limaligwiritsa ntchito ponena za chimbalangondo chachikazi chimene achilanda ana. Mudzapeza zimenezi pa 2 Samueli 17:8, pa Miyambo 17:12 ndi pa Hoseya 13:8. Kuno kulibe zimbalangondo, koma aliyense amene anayesapo kutola mwanapiye pamaso pa thadzi adziwa chimene chikunenedwa. Malemba sanaike chisoni cha ofedwa m'chifanizo cha nkhunda yolira mofatsa pamtengo chabe. Anachiikanso m'chifanizo cha chilombo chokwiya.

Paulo pa 1 Akorinto 15:26 akuitcha imfa mdani, ndiponso mdani womaliza kugonjetsedwa. Ambuye Yesu pamanda a Lazaro ku Betaniya analira, pomwe ankadziwa kuti posachedwa amuitana kutuluka. Yohane 11 akutiuzanso kuti asanalire anavutika kwambiri mumzimu, ndipo liwu lachigiriki la pamenepo lili ndi mkwiyo m'kati mwake. Ngati Mwana wa Mulungu anaima pamanda n'kuona kuti pachitika chinthu choipa, ndife yani ife kuti tiuze mkazi wamasiye kuti apukute misozi, zonse zili bwino? Pa 1 Atesalonika 4:13 Paulo sanaletse kulira. Analetsa kulira kwa anthu opanda chiyembekezo. Masiku ano mapulogalamu ambiri amalemba pamwamba kuti "celebration of life", ndipo palibe cholakwika kuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo wa munthu. Koma ndaonapo maliro amene kwaya ndi ma sipika zinakwera kwambiri mpaka amasiye anachita manyazi kulira, ngati kuti misozi yawo iwononga pulogalamu. Chimenecho sichikhulupiriro. Ndi ife opepesa amene sititha kukhala pafupi ndi chisoni cha mnzathu, ndiye timachiphimba ndi phokoso.

Mpaka apa liwu lachizunguli likunena zoona. Koma lili ndi ngozi yake, ndipo ngoziyo ndi yaikulu kwa ife kuposa kwa azungu amene anaiwala kale tanthauzo lake. Munthu amene walandidwa amafuna wakuba. Ndipo chimbalangondo chija sichifufuza kuti ana ake anatenga ndani. Chimakhadzula aliyense amene chakumana naye panjira.

Mudziwa mmene zimayambira. Thupi likali ku mochale, amuna akhala panja pa tenti mozungulira mbaula, amayi ali m'nyumba pamphasa, ndipo wina amanong'ona kuti imfa iyi si yabwinobwino. Pofika tsiku loika, dzina latuluka kale. Nthawi zambiri ndi agogo a kumudzi amene akalamba kwambiri pomwe adzukulu akufa, kapena mkazi wa malemuyo amene achibale sanamukonde kuyambira pa ukwati, kapena mlamu amene bizinesi yake yayamba kuyenda. Kale anthu ankapita kwa sing'anga kukaombeza. Manje ena amapita kwa mneneri, ndipo amabwera ndi yankho lomwelo, kungoti lavala suti. Ndikunena izi ngati munthu wa mpingo umene umakhulupirira uneneri ndi kumasulidwa, ndipo sindichita nazo manyazi mphatso za Mzimu. Koma uneneri umene zipatso zake ndi nkhalamba yothamangitsidwa pamudzi, kapena ana olekanitsidwa ndi mayi awo sabata imene aika atate awo, uyenera kuyesedwa monga 1 Yohane 4:1 atilamulira, ndipo sudzapambana mayesowo.

Vesi limene timakonda kutchula pamenepa ndi Yohane 10:10, lonena za wakuba amene ntchito yake ndi kuba, kupha ndi kuwononga. Timalitenga kuti ndi Satana, ndipo n'zoona kuti Satana ndi wambanda kuyambira pachiyambi. Koma werengani mutu wonsewo modekha, muyambire pa mutu 9. Yesu akulankhula ndi atsogoleri a chipembedzo amene angotulutsa m'sunagoge munthu wochiritsidwa khungu. Akuba amene akuwanena ndi olowa m'khola la nkhosa osadzera pakhomo, abusa onyenga. Ndiye vesi limene ena amaligwiritsa ntchito posaka mfiti m'banja ndi chenjezo kwa ife amene timagwira maikolofoni.

Onaninso Yakobo. Pa Genesis 37 anamuonetsa malaya a Yosefe ali ndi magazi, ndipo iye mwini anagamula pomwepo kuti chilombo chadya mwana wake. Umboni unali m'manja mwake, wooneka ndi maso, ndipo unali wabodza, pakuti magaziwo anali a mbuzi. Yosefe anagulitsidwa ali ndi zaka 17, anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, panapita zaka 7 za chakudya chambiri ndi 2 za njala asanadziulule kwa abale ake. Zikuphatikiza zaka pafupifupi 22, ndipo zaka zonsezo Yakobo, munthu amene analimbana ndi Mulungu ku Penieli, anali wotsimikiza za chinthu chimene sichinachitike. Chisoni chimapatsa munthu kutsimikiza kwakukulu, koma sichimupatsa kudziwa.

Dziko lathu lili ndi lamulo, Witchcraft Act, limene limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mkhristu sayenera kudikira apolisi kuti amukumbutse zimenezi, popeza lamulo la chisanu ndi chinayi pa Malamulo Khumi linaletsa kale umboni wonama. Anthu athu akufa ndi BP imene sinapimidwe, ndi shuga, ndi malungo amene anachedwa kupita nawo ku chipatala, ndi ngozi za pa Great East Road. Zimenezi zili ndi mayina, ndipo zina tingathe kuzipewa. Pamene pali munthu amene analakwadi, monga dalaivala woledzera kapena mwamuna amene anamenya mkazi mpaka kufa, musakwirire nkhaniyo ndi mawu akuti tasiyira Mulungu. Pitani nayo kupolisi, ndi mboni, ndi pepala la dokotala. Kumeneko woimbidwa mlandu amapatsidwa mpata woyankha. Agogo aja amene anatchulidwa pa mbaula sapatsidwa mpata wotere.

Manje tifike povuta penipeni. Wina adzati, chabwino, si agogo, si mlamu. Nanga Mulungu? Anali ndi mphamvu yoletsa ndipo sanaletse. Tinasala kudya, tinachita ma overnight, tinadzoza mafuta. Kodi si Iye amene watilanda?

Buku la Yobu silithawa funsoli. Pa mutu 1 ng'ombe ndi abulu zinalandidwa ndi Aseba, ngamila zinalandidwa ndi Akasidi, nkhosa zinapsa ndi moto, ndipo ana khumi anafa pamene mphepo inagwetsa nyumba. Owerenga tikudziwanso kuti Satana anali kuseri kwa zonsezi. Akuba enieni analipo, a mayina. Koma Yobu atang'amba chovala chake sanatchule Aseba kapena Satana. Pa vesi 21 ananena kuti amene anapatsa ndi Yehova, amene watenga ndi Yehova, ndipo analemekeza dzina lake. Aphunzitsi ambiri a mpingo kuyambira kale amachokera pamenepa n'kunena kuti munthu sangaberedwe chinthu chimene sichinali chake. Mwana, mwamuna, mayi, tinabwerekedwa, ndipo mwini akatenga chake sanabe. Ngati zili choncho ndiye kuti liwu lakuti "bereaved" ndi lolakwika kuyambira pamuzu.

Ndimavomereza kuti chiphunzitso chimenechi ndi choona, koma sindivomereza kuti chimathetsa nkhani. Mulungu sanatibwereke anthu monga mnansi abwereketsa wilibala. Anatilamula kuti tiwakonde, kuti mwamuna ndi mkazi akhale thupi limodzi, ndipo thupi limodzi likagawidwa pakati pamatuluka magazi, kaya wogawayo ali ndi ufulu wotero kaya alibe. Ndiye zonse ziwiri zimaima. Mulungu sanabe, ndipo wofedwayo walandidwadi. Yobu yemweyo amene analemekeza pa mutu 1 akutemberera tsiku la kubadwa kwake pa mutu 3, ndipo mitu yambiri yotsatira akukangana ndi Mulungu maso ndi maso. Pamapeto, pa mutu 42, amene Mulungu anawakwiyira ndi abwenzi atatu aja amene anali ndi mayankho okonzeka, ndipo za Yobu ananena kuti analankhula zoona. Naomi atabwerera ku Betelehemu wopanda mwamuna ndi ana ake awiri anauza amayi a m'mudzi kuti asamutchenso Naomi, amutche Mara, chifukwa Wamphamvuyonse wamuchitira zowawa. Palibe pamene buku la Rute limamudzudzula.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani musunge. Mawu a pa Yobu 1:21 anatuluka m'kamwa mwa wofedwayo, pa nthawi yake, mwa kufuna kwake. Sanawanene Elifazi. Wofedwa akanena kuti Mulungu watenga chake, kumeneko ndi kupembedza, ndipo ena amafika pamenepo patapita zaka. Inu wopepesa mukawanena tsiku loyamba, mutanyamula mbale ya nsima, ndiye kuti mukumutseka pakamwa. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba, pamene anakhala naye pansi osanena kanthu. Makolo athu ankadziwa zimenezi. N'chifukwa chake kumaliro timavula nsapato, timakhala pamphasa, timagona komweko, ndipo liwu limodzi lakuti pepani limakwana.

Ife a mipingo ya Mzimu tili ndi chiyeso china chimene abale athu a mipingo ina sachidziwa kwenikweni. Timakonda uthenga wa kubwezeredwa. Ndani sanamvepo ulaliki wa pa 1 Samueli 30, pamene Aamaleki anatentha Zikilaga n'kutenga akazi ndi ana, ndipo Davide anafunsira kwa Yehova, anawalondola, nabweza zonse osasowa kanthu? Ndi uthenga wabwino ndipo wadzutsa ambiri amene anataya ntchito, malonda ndi maukwati. Koma Davide yemweyo, pa 2 Samueli 12, anasala kudya ndi kugona pansi chifukwa cha mwana wake wodwala, ndipo tsiku la 7 mwanayo anafa. Apo sanamange lupanga. Anasamba, anapita kukapembedza, anadya, ndipo anauza antchito ake kuti iye ndiye adzatsatira mwanayo, mwanayo sadzabwerera kwa iye. Munthu mmodzi, Mulungu mmodzi, koma kutaya kwa mitundu iwiri. Mlaliki amene sasiyanitsa ziwirizi amavulaza anthu. Mayi wofedwa akamva Lamlungu lililonse kuti chilichonse chimene mdani anatenga chibwerera chaka chino, amapita kunyumba akudzifunsa kuti chikhulupiriro chake chinaperewera pati.

Werengani bwino mawerengero a pa Yobu 42. Nkhosa zinali 7,000, zinakhala 14,000. Ngamila zinali 3,000, zinakhala 6,000. Ng'ombe za magoli 500 zinakhala 1,000, abulu chimodzimodzi. Ana anali khumi, amuna 7 ndi akazi 3, ndipo anabadwanso khumi, osati 20. Omasulira akale anaona kuti apa pali chinthu. Ziweto zinawirikizidwa chifukwa zoyamba zinatheratu, koma ana sanawirikizidwe chifukwa khumi oyamba aja sanathe, ali kwa Mulungu, ndipo Yobu ali nawo 20. Lembalo silinena zimenezi poyera, ndiye sindikupatsani ngati lamulo, koma zigwirizana ndi zonse zimene Chipangano Chatsopano chimaphunzitsa za kuuka kwa akufa. Ndipo ngakhale zili choncho, sindikhulupirira kuti Yobu atanyamula Yemima, mwana wake wamkazi watsopano, anaiwala nkhope za aja amene anafera m'nyumba ija. Musadzauze mayi wofedwa kuti ali wamng'ono adzabereka wina. Mwana salowa m'malo mwa mwana.

Ife a Zambia tili ndi chitsanzo chimene tonse tichidziwa. Usiku wa pa 27 Epulo 1993 ndege imene inanyamula timu yathu ya mpira kupita ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon, ndipo anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera. Pa 12 Febuluwale 2012, mumzinda womwewo wa Libreville, Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast pa mapenate n'kutenga chikho cha Africa. Dziko lonse linavina, ambiri tinalira, ndipo tinati Mulungu watikumbukira. Sindikana. Koma m'mawa mwake ana a anthu 30 aja anadzukabe opanda atate, ndipo manda ali pomwepo pafupi ndi Independence Stadium. Chikho chinatonthoza mtundu, ndipo chitonthozo ndi mphatso yeniyeni, koma sichinali kubweza.

Pali malo amodzi pamene liwu lakuti "bereaved" limabwerera ku tanthauzo lake lakale ndendende, popanda fanizo lililonse, ndipo ndi pamene ndifuna mpingo utsegule maso. Ndikunena za kulanda katundu wa amasiye. Mwamuna wamwalira Lachiwiri. Pofika Lachisanu makiyi a galimoto ali m'thumba la mkulu wake, khadi la kubanki lili kwa mlongo wake, ndipo pamsonkhano wa banja pambuyo poika maliro wina akufunsa za mapepala a nyumba. Firiji, TV, ngakhale matiresi zimakwera pa Canter. Mkazi amene anamanga nyumbayo pamodzi ndi malemu, wogulitsa tomato pamsika kuti agule malata, amabwerera kwawo ndi ana ndi chikwama cha zovala. Imfa inamulanda mwamuna, ndipo pa imeneyo palibe khoti. Kulanda kwachiwiriku akuchita ndi anthu, ena a iwo anaimba m'kwaya pa maliro omwewo.

Bwererani kwa Yakobo kamodzinso. Genesis 37:35 ikuti ana ake onse anadza kudzamutonthoza. Pakati pa otonthozawo panali omwe anagulitsa Yosefe ndi ndalama 20 zasiliva n'kuviika malaya m'magazi. Yakobo ankafuna chilombo kutchire, pomwe omulanda anali atakhala naye pamphasa. Kwa ifenso zimakhala choncho. Banja limathera mphamvu kusaka mfiti imene palibe anaiona, ndipo wakuba wooneka ndi maso akunyamula sofa masana, anthu ali chete chifukwa ndi nkhani ya m'banja.

Si nkhani ya m'banja. Eksodo 22:22 mpaka 24 ndi limodzi mwa malemba oopsa kwambiri m'chilamulo, ndipo likunena za ozunza akazi amasiye ndi ana amasiye. Pa Marko 12:40 Yesu akunena za anthu a mapemphero aatali amene amadya nyumba za akazi amasiye, ndipo akuti chiweruzo chawo chidzakhala chachikulu koposa. Lamulo la dziko nalonso ndi lomveka. Intestate Succession Act ya 1989 imanena za munthu amene wamwalira osalemba wilo. Chuma chake chimagawidwa motere: 50 peresenti kwa ana, 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 peresenti kwa makolo a malemu, ndi 10 peresenti kwa ena amene ankadalira malemuyo. Katundu wa m'nyumba ndi wa wotsalayo pamodzi ndi ana. Nyumba ndi ya wotsalayo ndi ana, ndipo wotsalayo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha akakwatiwanso kapena kukwatiranso. Malo a kwa mfumu ndiwo sali pansi pa lamuloli. Onani kuti abale a malemu, akulu ake ndi alongo ake, satchulidwa pa magawo amenewa pamene pali mkazi ndi ana, pokhapokha ngati ankadaliradi malemuyo. Ndipo administrator amene khoti lasankha si wolowa chuma. Ndi wantchito, woyenera kusonkhanitsa, kulipira ngongole ndi kugawa monga lamulo linenera, ndipo angathe kuitanidwa kukafotokoza mmene anayendetsera. Apolisi ali ndi nthambi ya Victim Support Unit imene imalandira nkhani zoterezi.

Apa ndiye pa Zikilaga. Apa ulaliki uja wa kulondola ndi kubweza zonse ukugwira ntchito monga mmene uliri, ndipo amuna a mumpingo ayenera kuyenda ndi mkazi wamasiye kupita kukhoti m'malo mongomupempherera patali. Inu abambo amene mukuwerenga, lembani wilo. Kulemba wilo sikuitana imfa, monganso kugula ambulera sikugwetsa mvula. Uzani abale anu muli moyo kuti nyumba ndi ya mkazi wanu ndi ana anu. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli chinthu chimene munanyamula pa maliro a m'bale wanu, ana ake akuvutika, mudziwa chimene Zakeyu anachita.

Liwuli lilibe tsiku lothera. Lamulo la ntchito, Employment Code Act ya 2019, limapatsa wantchito masiku 12 a tchuthi cholipidwa pachaka akafedwa mkazi, mwamuna, kholo, mwana kapena womudalira. Tenti imachotsedwa, mipando imabwerera kutchalitchi, gulu la WhatsApp la zopereka limakhala zii, ndipo ife timaleka kulemba "bereaved family" chifukwa kwagwa maliro ena. Koma munthuyo amayamba kumva bwino kuti walandidwa pa sabata yachitatu, akaphika nsima ya anthu asanu pomwe atsala anayi, kapena akatenga foni kuti aimbire nambala imene siidzayankhanso. Atsogoleri a ma cell group, lembani tsiku la maliro m'buku lanu ndipo mubwererenso patapita mwezi, patapita miyezi itatu, ndi pa tsiku lokwanira chaka. Mukafika mutchule dzina la womwalirayo. Ambiri timaopa kuti tiwakumbutsa chisoni, ngati kuti anaiwala.

Amene muli ndi nkhani ya katundu wa masiye, yatsopano kapena yakale, onanani ndi madikoni Lamlungu likubwerali tikaweruka mapemphero. Bwerani ndi pepala la imfa, setifiketi ya ukwati ngati ilipo, ndi mapepala aliwonse a nyumba kapena a khoti amene muli nawo. Amene muopa kubwera nokha, uzani mtsogoleri wa cell group yanu abwere nanu.